Tsiku limene ankhoswe anafunsa za msonkho

Amuna anga anakulira m'nyumba ya abusa, ndipo kwa iwo juga ndi juga, ngakhale ikhale ya keke. Kusukulu ya mwana wathu ku Maryhill, kuno ku Glasgow, atagulitsa matikiti oti wamwayi atenge keke, iwo anapereka ndalamayo koma tikiti anaikana.

Munthu yemweyo, atamaliza maphunziro a zachuma, anayamba kukhalira pakompyuta. M'mawa ankagwira ntchito kosungira katundu, masana n'kumachita zomwe ankazitcha bizinesi: kugula ndi kugulitsa ma futures, komwe kuli kulosera ngati mitengo ya masheya a makampani akuluakulu, onse pamodzi, ikwere kapena itsike tsiku lomwelo. Kenako anasamukira ku mtundu wina wotchedwa spread betting. Dzinalo linandikayikitsa, poti betting n'kubetcha, koma anandiuza kuti azungu amangotcha zinthu mwachisawawa.

Vuto linali nthawi. Msika wa ku America umatsegulidwa masana, ana atatsala pang'ono kuweruka. Ine ndimakhala ndili kuntchito yosamalira okalamba, choncho wokatenga mwana anali iwo. Kamtsikana kathu kankatsala ndi aphunzitsi, anzake onse atapita. Tsiku lina kanandifunsa m'Chingerezi chake cha kuno ngati adadi amakaiwala dala. Zinandiwawa kwambiri. Ndinadandaula, ndinakalipa, ndinanyanyala, koma ndinkangotaya malovu.

Ndinaitana ankhoswe. Athu enieni ali ku Dedza, koma kuno tili ndi ogwirizira, bambo wachikulire wa kumpingo kwathu amene amakhala ku Partick. Anabwera Loweruka pa basi, jekete litanyowa.

Amuna anga pakamwa ndi akatswiri. Ndisanamalize n'komwe kufotokoza, anali atatsegula kompyuta, akuonetsa mizere yofiira ndi yobiriwira. Ankhoswe anasendeza mpando, n'kuvala magalasi. Tiyi anazizira. Posakhalitsa ndinawamva akufunsa kuti munthu angayambe bwanji. Ndinapsa mtima: munthu ndamuitana kudzazimitsa moto, iye wayamba kuwotha.

Koma ankhoswewo amaopa a msonkho kuposa apolisi, ndiye anafunsa za msonkho. Amuna anga anasangalala, poti apo ndi pomwe ankanyadira. Anati pa ma futures phindu limadulidwa msonkho, ukaluza n'kukuchotserako pa wa m'tsogolo, koma pa zatsopanozi za spread betting boma silikhudzako. Ukapata zonse n'zako, ukaluza n'zakonso.

"Nanga bambo, boma la kuno, loti limadula msonkho ngakhale pa penshoni yanga, inu likukusiyani chifukwa chiyani?" anafunsa ankhoswe.

"Lamulo lawo limaziika m'gulu la juga," anayankha amuna anga, akumwetulirabe.

Kumwetulirako kunatha pang'onopang'ono, ine ndikuona. Ankhoswe sanalalikire. Anavula magalasi, n'kubweza mpando pamalo pake, n'kunena kuti ngati zili choncho iwo salowa nawo. Kenako anapempha tiyi wotentha ndipo anayamba kudandaula za mvula. Za mwana, zomwe ndinawaitanira, anaziiwaliratu.

Amuna anga sanasiye tsiku lomwelo. Anayamba kaye adzitsutsa okha m'bafa, akunena kuti a msonkho sadziwa kusiyanitsa juga ndi luso. Anabwerera ku ma futures kwa kanthawi, ati bola zolipira msonkho, koma zinali zitasiya kuwakomera, pakuti mizere inali yomweyo ndipo mtima unkagunda chimodzimodzi. Potsiriza anazisiya zonse.

Ankhoswe ndimawathokoza, ngakhale anatsala pang'ono kundigulitsa. Ndimathokozanso a msonkho, ndipo ndikuganiza kuti m'Glasgow muno ndilipo ndekha.

Tsiku lina ndinaweruka msanga, n'kudutsira kusukulu. Ndinapeza amuna anga ataima kale pageti ndi ambulera, foni ili m'thumba. Ana atatuluka, wathu sanayang'ane uku ndi uku monga kale. Anangothamangira pomwe ankadziwa kuti bambo ake aima.