Mbuzi ya Chinkhoswe M'njira ya Akavalo

"Alamu, iyi ndi njira ya akavalo! Kodi mutu wanu ukuyenda bwino?"

Anandikalipira chonchi ndi mlamu wanga, mlongo wake wa mayi a kunyumba, mwana woti ndinamuona akuyenda ndi kabudula wong'ambika kumudzi, ndipo panthawiyo n'kuti vani yake itamira m'matope mpaka m'mimba, pakati pa nkhalango ya boma, ine ndili pa chiwongolero. Abale anga, nkhaniyi ndi yoona, sindinathiremo mchere ngakhale pang'ono, ndipo amene akukayika akafunse Amalawi a ku South Bend amene analipo zaka za m'ma 2000 zija, mafoni olozera njira asanabwere, chifukwa mpaka lero akandiona pa maliro kapena pa ukwati amayamba kulira ngati kavalo.

Ndiyambire poyambira. Mphwanga, mwana wa mchemwali wanga, anapeza mbeta ku Indianapolis, mtsikana wabwino wophunzira unesi, wokhala ndi azakhali ake ku Lawrence. Kuno malume ake ndine ndekha, ndiye unkhoswe unagwera ine, ndipo mukudziwa kuti chinkhoswe sichiyamba nkhoswe ya kuchimuna isanakhale pampando. Anthu akuchikazi anachita lendi holo, ndipo holo za kuno si za kwathu zoti mungamunyengerere mlonda ndi botolo la fanta, nthawi ikakwana amazimitsa magetsi muli m'kati. Ine chifukwa cha pakamwa panga ndinalonjeza pamsonkhano kuti nyama ya m'sitolo yozizira ngati mtembo sidzadyedwa pa mwambo wa mphwanga, ndidzabwera ndi mbuzi yeniyeni yophedwa tsiku lomwelo.

Loweruka lake, mwezi wa Novembala, tinanyamuka m'mawa ine ndi mlamu uja, iye atangoweruka kumene ku shifiti yosamalira okalamba, maso ali psuu, n'chifukwa chake anandipatsa makiyi. Tinapita ku famu ina chapakati pa South Bend ndi Indianapolis kumene mzungu wake amagulitsa mbuzi kwa ife anthu obwera. Tinapha, tinasenda, chikopa tinamusiyira. Koma nditaona mzunguyo akunyamula mutu, ziboda ndi zam'mimba kuti akaponyere agalu ake, magazi anga anawira. Mlamu akuti zisiyeni alamu, zinunkhitsa vani, ana anga amakwera momwemu. Ndinamufunsa ngati anaonapo nkhoswe yofika ndi mbuzi yopanda mutu, ngati kuti yabedwa. Tinakangana mpaka mzunguyo anangotipatsa ndowa yokhala ndi chivundikiro kuti tichoke pakhomo pake. Nyamayo tinaikulunga m'nsalu yakale yoyala pabedi, n'kuigoneka kumbuyo, mipeni pambali pake, suti yanga itapachikidwa pazenera.

Titayenda pang'ono tinapeza mlatho atautseka, akukonza, ndipo mivi yolozera njira yolambalala inkaloza kum'mawa. Indianapolis ili kum'mwera, dzuwa ndikuliona ndi maso angawa, ndiye wina andiuze kuti ndipite kum'mawa? Chapomwepo ndinaona kamsewu ka miyala kolowa m'nkhalango, kolunjika kum'mwera bwinobwino. Panalibe geti, panalibe waya, panalibe munthu. Ine ndinakulira ku Ntcheu, kumene njira iliyonse yopondedwa ndi ya aliyense, ndipo boma likafuna kukuletsa limaika migolo, chikwangwani chofiira chachikulu ngati chitseko, ndi wapolisi wokhala pa mpando. Mlamu anati waona kamtengo kofiirira m'mbali kokhala ndi tizithunzi, tiime tione kaye. Ndinamuuza kuti chinthu chofika m'chiuno, chowonda ngati ndodo ya agogo, si chikwangwani, ndipo akafuna kuwerenga tizithunzi abwerere ku sukulu ya mkaka.

Poyamba kamsewuko kanali bwino, mpaka ndinayamba kuimba kanyimbo komunyogodola. Kenaka miyala inatha, kanayamba kuchepa, nthambi zikukwapula magalasi, ndipo pansi ponse panali ndowe zikuluzikulu zoti si za ng'ombe. Potembenukira panalibe. Ndinati tingolimba mtima, kutsogoloku titulukira pa tala. Titatsetsereka pa kadambo kena vani inangoti phwa, n'kukhala pansi, ndikaponda mafuta matayala akungozungulira n'kumalavula matope. Apa ndi pomwe mwana uja anaiwala ulemu n'kundifunsa za mutu wanga.

Ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndimukumbutse amene anamulipirira mayeso a fomu folo, pomwe mfuti inalira. Osati patali ayi, mkokomo wake ndinaumva m'mano. Ina inayankha mbali inayo. Ndikuyang'ana m'mitengo, ndinaona anthu ovala zamtundu wa olenji akusuntha pang'onopang'ono, mifuti italiitali ili m'manja.

Tsono mundimvetse, ine ndinali ndisanathe zaka ziwiri m'dziko lino, ndipo ovala olenji amene ndinkawadziwa ndi akaidi a pa TV ndi aja amatola zinyalala m'mbali mwa msewu waukulu wapolisi atawaimirira. Ndinadziwiratu kuti awa athawa kundende, alanda mfuti, ndipo chimene akusowa ndi galimoto basi. Ndinaganiza za ana anga, ndinaganiza za mphwanga atakhala m'holo ndi tayi yake akuyang'ana kukhomo, ndinaganizanso kuti kumudzi akamva bwanji, kuti malume anafera m'tchire la ku Amereka limodzi ndi mbuzi? Mlamu anali atalowa kale kunsi kwa mpando, akunong'ona zinazake zoti alenje, alenje, koma ine ndinkayesa akupemphera.

Ndiye monga mwamuna wamkulu ndinati ndikambirane nawo, atenge vani atisiyire moyo ndi mbuzi. Ndinatsika, nditavala jekete yanga yofiirira yogwirira ntchito, n'kuzemba chowerama kuseri kwa zitsamba kuti asandione msanga, ndipo nditafika poyera ndinatulutsa mpango wanga woyera n'kuyamba kuukupiza m'mwamba monga amachitira ogonja pankhondo. Kumbuyo ndinangomva mlamu, atasuzumira pazenera, akukuwa ngati mayi woferedwa kuti nditaye mpangowo ndigone pansi. Kutsogolo mzungu wina anakuwanso mawu oti sindingawalembe pano poti ena mwa inu ndi madikoni.

Anafika atatu, abambo awiri ndi mayi mmodzi wonenepa, ndipo mayiyo ndi amene anayamba kundisokoneza, chifukwa ndende yake iti yoti amuna ndi akazi amathawira limodzi? Wamkulu wawo, wandevu zotuwa, nkhope yake inali itayera ngati ufa. Koma asanalankhule, mnzake anasuzumira pazenera la vani. Anaona chinthu chachitali chokulungidwa m'nsalu ya pabedi, magazi atadontha, mipeni pambali, kenaka anayang'ana manja a jekete yanga amene analinso magazi okhaokha, ndi munthu wina akutuluka kunsi kwa mpando akulira. Onse atatu anabwerera m'mbuyo, mayi uja n'kutulutsa foni. Tinaima choncho, iwo akutiopa, ife tikuwaopa, mphepo ikungolowa m'mafupa.

Patapita nthawi kunabwera msilikali wa zankhalango pa kanjinga kamoto ka matayala anayi, mfuti m'chiuno, ndipo anatiuza kuti tiike manja poonekera. Anavundukula nsalu ija ndi nsonga ya ndodo. Ataona kuti si munthu anapumira m'mwamba, koma nkhope sinamasuke, anati ameneyu ndi gwape wamng'ono, ndipo anafuna kuona chilolezo chosakira. Apa ndi pomwe ndinamvetsa kuti a olenji aja ndi alenje, ndipo inali nyengo yosaka agwape. Ndinamuuza kuti ndi mbuzi. Iye anati nyama yosendedwa, yopanda mutu, yopanda miyendo yakumunsi, yopezeka m'nkhalango ya boma nyengo ngati ino, m'galimoto yolowa mozemba njira yoletsedwa, aliyense anganene kuti ndi mbuzi. Anati nyamayo ailanda, ndipo ife tipita naye kukafotokoza bwino kutsogolo. Lisiti tinalibe, mzungu wa pafamu uja salemba zimenezo. Mlamu anayamba kuthyola Chingerezi chake cha m'mphuno, "sir" apa, "sir" apo, koma sizinathandize.

Ine mantha akandipitirira amasanduka ukali. Ndinapempha kuti nditsegule ndowa. Msilikaliyo anagwira mfuti yake n'kuvomera ndi mutu. Ndinapisa dzanja m'matumbo muja, n'kutulutsa mutu wa mbuzi nditaugwira nyanga, ndevu zake zili lende, lilime lili panja, diso limodzi likumuyang'ana msilikaliyo, ndipo ndinamufunsa kuti agwape a ku Indiana anayamba liti kumera ndevu.

Apo mayi uja anaphulika kuseka mpaka anakhala pa chitsa. Msilikaliyo anayesetsa kuuma nkhope koma masharubu ake ankagwedezeka, ndipo anafunsa kuti mutuwo tikupita nawo kuti. Ndinati tikadya, nanga mutu amatani nawo? Ndinawafunsa alenjewo kuti iwo mitu ya agwape amatani nayo, anati amaipachika pakhoma pabalaza. Ndiye inu owerenga muweruze nokha kuti wamisala ndani pamenepa.

Za mbuzi zinathera pomwepo, koma za njira sizinathe. Msilikaliyo anandifotokozera ngati mwana kuti pa malo a boma njira iliyonse ili ndi kamtengo kake polowera, ndipo tizithunzi timene tili pamenepo ndi mndandanda wa ololedwa: pakakhala kavalo ndi munthu woyenda pansi, ndiye kuti ndi ya akavalo ndi oyenda pansi, galimoto ngati palibe kapena yadulidwa ndi mzere wofiira, usalowe ngakhale njirayo itakhala yotakata ngati bwalo la ndege. Ndinamufunsa kuti bwanji osaika chikwangwani chooneka ndi anthu. Anati zonse m'nkhalango zimakhala za msinkhu womwewo ndi mtundu womwewo kuti zisaipitse malo, ndipo aliyense amazidziwa. Ndinati aliyense wake uti, ine si munthu? Anangondilembera tikiti.

Chimene chinandiopsa zenizeni ndi mawu a wandevu zotuwa uja. Tikukankha vani, anabwera pafupi nane n'kunena motsitsa kuti gwape wa kuno ndi wofiirira ngati jekete yangayo, ndipo akamathawa amaimika mchira wake woyera n'kumaukupiza. Anati ataona chofiirira chikuwerama m'zitsamba, kenaka choyera chikukupiza, anali atakweza kale mfuti, chala chili pamalo pake, ndipo chinamuletsa ndi kukuwa kwa mlamu wanga. Ndinapita kuseri kwa mtengo ngati ndikukataya madzi, koma nditafikako ndinangokhala pansi m'ndowe za akavalo momwemo.

Anatikoka ndi chingwe cha kanjinga kaja, ndipo njira yonse ija ndinabwerera chafutambuyo, msilikali akunditsogolera ngati mwana wa sukulu. Pofika ku Indianapolis n'kuti holo atatseka kale, anthu atasamukira m'chipinda chapansi kunyumba kwa azakhali a mtsikana, atapanikizana ngati m'minibasi, mpunga atadya ndi nkhuku za m'sitolo zomwe ndinkazinyoza zija. Mtsikana maso anali atatupa ndi kulira poganiza kuti akuchimuna asintha maganizo. Nkhoswe ya kuchikazi, bambo wophunzitsa ku yunivesite wolankhula pang'onopang'ono, anandiyang'ana kuyambira ku nsapato zamatope mpaka ku suti yonunkha matumbo, n'kunena kuti iwo anali atayamba kale kukambirana ngati mwana wawo angalowe m'banja la anthu osasunga mawu. Ndinagwada pa kapeti, ine amene sindigwadira munthu, ndipo ndinafotokoza zonse. Nditafika pa mutu wa mbuzi azimayi anayamba kugwetsana ndi phwete, bamboyo naye analephera kudzigwira, ndipo mwambo unachitika. Ana aja ali limodzi mpaka lero, ali ndi ana awo atatu oyankha Chingerezi ukawalonjera.

Ine mpaka pano ndimanena kuti kamtengo kaja si chikwangwani, ndipo amene anakakonza anali ndi nkhanza. Koma ndinaphunzira kuti dziko lino ndi lotembenuza: kwathu njira ndi yako mpaka wina akuletse, kuno njira si yako mpaka kachithunzi kakuloleze. Ndiye inu obwera kumene, mukaona kamsewu kokongola kolowa m'tchire kopanda geti, tsikani, pitani pa kamtengoko, mufufuze galimoto yanu pa tizithunzipo, ikasowa bwererani. Ndipo masamba akayoyoka m'mitengo musalowe m'nkhalango ndi zovala zofiirira, mpango woyera muusiye m'thumba ngakhale chimfine chitakuvutani bwanji.

M'mawa mwake ndinadula mwendo wathunthu wa mbuzi n'kukapereka kwa bambo wa ku yunivesite uja ngati chipepeso, kenaka tinauyamba wobwerera ku South Bend, pamsewu waukulu. Mlamu, amene usiku wonse anthu ankamutamanda kuti wapulumutsa moyo wanga, anayamba kundiwerengera mokweza chikwangwani chilichonse cha m'njira, cha liwiro, cha tchalitchi, ngakhale chotsatsa mabaga a m'malo odyera, n'kumandifunsa mwaulemu kwambiri ngati ndachiona kapena aime andifotokozere. Ndinapirira mpaka ku Kokomo. Titaima pothira mafuta iye analowa kuchimbudzi, ine ndinaliza injini n'kumapita, ndipo ndinadutsa maloboti angapo ndithu ndisanakumbukire kuti vaniyo ndi yake.