Atuweni Akajambula Nyanja ku Skegness

Inu amene mwatopa ndi kugwa, khalani pansi pang'ono ndikuuzeni za Atuweni.

Chaka chimenecho analepheranso mayeso a unamwino. Mayi amene kwawo ku Balaka ankayendetsa wodi yonse, atapita kunja, mumzinda wa Leicester, ankangoyala mabedi m'nyumba yosamalira okalamba ku Highfields. Foni za kumudzi anasiya kuyankha. Poyenda ankangozyolika ngati wataya singano.

Mwa okalambawo munali Bambo Fazal, mmwenye wobadwira ku Limbe, amene Chichewa sichinawachoke pakamwa. Maso ndiwo ankawathera. Adokotala anali atanena kuti chisanu chikamafika, kwa iwo kudzakhala mdima basi.

Tsiku lina Bambo Fazal anatulutsa kamera m'kabati.

"Mwana wanga, ukapuma shifiti upite kunyanja ku Skegness. Ndinkapitako ndi malemu akazi anga. Ukandijambulire nyanja, ndiione kotsiriza."

"Bambo, mwasowa wotuma? Ine wofeilafeila uja?"

"Kamera siifunsa satifiketi. Tenga."

Atuweni anakwera sitima. Atafika anangogwira pakamwa: nyanja kunalibe! Unali mchenga wonyowa wokhawokha, abulu onyamula ana, ndi kamzere kotuwa kutali uko. Anajambula mchengawo n'kubwerera ali ndi manyazi.

Bambo Fazal anaseka mpaka kutsokomola.

"Umayesa yakwathu, yoti pamene waisiya dzulo mpamene uipeze lero? Ya kuno imachoka n'kubwerera. Uziyamba wafunsa nthawi yake."

Vera, mnzake wokhala naye nyumba, sanamusiye. "Asisi, katsiku kopuma komweka mukukathera pojambula madzi? Chithunzi chopanda munthu n'chithunzinso?"

Koma Atuweni anapitanso. Ulendo uwu madzi anadzaza, koma chifunga chinaphimba zonse. Ulendo wina mphepo inamunjenjemeretsa manja, zithunzi n'kutuluka zosaoneka bwino. Sanakhumudwe ngati kale. Anayamba kufunsa. Nkhalamba ina yoyendetsa galu inamuonetsa kutsamiritsa kamera pachitsulo cha mlatho wolowa m'nyanja. Mayi wogulitsa tchipisi anamuuza kuti kumeneko dzuwa limatulukira m'madzi, choncho alawirire.

Uku masamba anayamba kuyoyoka m'mitengo. Bambo Fazal anali atasiya kuzindikira nkhope. Ankangomudziwa Atuweni pomva mapazi ake.

Ndiye Atuweni anakagona konko ku Skegness. M'mamawa, zala zitauma ndi kuzizira, anaima pamlatho paja n'kudikira. Mafunde anabwera akumenya mizati, dzuwa linatuluka lofiira psuu kuseri kwa makina a m'nyanja opanga magetsi ndi mphepo, mbalame zoyera zikuuluka m'munsi mwake. Anagwira mpweya, n'kudina.

Chithunzicho anakachitsukitsa chachikulu ngati chitseko cha kabati. Bambo Fazal anachiyandikitsa mpaka chinakhudza mphuno, n'kumachiyendetsa pang'onopang'ono. Atuweni anadzifunsa: kodi wachedwa?

Kenako chala chawo chinaima pangodya.

"Apa. Pachitsulo ichi akazi anga, Sairabanu, ankakana kuyandikira, ati mphepo imulanda mpango." Anapukuta misozi. "Waibweretsa, mwana wanga. Ndaiona."

Chisanu chisanathe, maso aja anatsekekadi. Koma anatsekeka ataona.

Atuweni sanabwererenso m'mbuyo. Munthu amene anaphunzira kudikira nyanja sakanaopanso pepala. Anapempha anzake amuonetse pamene ankalakwitsa, analembanso mayeso, ndipo lero ndi namwino pachipatala china mumzindamo. Kujambula sanakusandutse malonda. Akapeza mpata amakwerabe sitima, ndipo zithunzi zake zadzaza khoma la chipinda chodyera okalamba aja. Ngakhale Vera anapemphako chimodzi.

Inunso abale anga, chimene chakukanikani lero musachitche mapeto. Funsani odziwa, sasani fumbi, mupitenso. Pali wina amene akudikira chimene manja anu okha angamubweretsere. Mtima wokhawo musautaye.