Masipuling'i a Matumba Atatu

Ine mawu anga amamveka mpaka tsidya la Likangala, koma izi ndinena motsitsa.

Mwana wanga atanditumizira njinga ya masipuling'i kuchokera ku Joni, ndinapita nayo kwa a Jailosi, okonza njinga. Iwo anati, "Madala, mumalemera bwanji? Ndikufuna ndimange masipuling'iwa molingana ndi thupi lanu."

Anzanga a kusikimu ya mpunga anali pomwepo, makutu ali tcheru. Kwathu kuno mimba ndi ulemu. Ine ndimalemera ngati matumba awiri a mpunga, koma ndinadziguguda pachifuwa.

"Matumba atatu!"

"Atatu, madala?"

"Mangani basi!"

Anamangadi, njinga n'kuuma gwa. Panjira yobwerera, dzenje lililonse linkandifika m'mano, ndipo msana unandigoneka sabata yathunthu. Odzandizonda ndinkawauza kuti a Jailosi ntchito sadziwa, mpaka ena anasiya kukonzetsa kwa iwo. Chimandiwawa ndi chimenecho.

Nditachira ndinapitanso, njinga ndikukankha, n'kunong'ona kuti amasuleko pang'ono.

Anatola sipanala osakwiya. "Thumba lina lija lagwera kuti, madala?"

Ndikanapepesa pomwepo. Koma ine ndinati, "Malungo, achimwene. Andidya."