Matabwa Aawisi a Malume

Malume anga anthu ankawatchula kuti a Chiswe, chifukwa kwa zaka makumi anayi ankadyera m'matabwa. Anapanga zitseko, mabenchi a m'sukulu, ndi mabokosi a maliro osawerengeka. Lamulo lawo linali limodzi: thabwa laliwisi salikhoma panyumba ya munthu. Likamauma limachepa, limapindika, kenako limaulula amene analikhoma.

Nditabwerako kunja, kumene ndinakaphunzira kujambula mapulani a nyumba, ndinkangozungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Ndiye a komiti ya chipatala cha odwala matenda osachiritsika anandipempha kujambula kanyumba kuseri kwa mawodi, koti odwala ndi abale awo azipemphereramo, kukhululukirana, kapena kungolira popanda namwino kuwauza kuti nthawi yatha. Sanafune simenti, sanafune kudula mtengo wamoyo. Matabwa anayenera kuchokera ku mitengo isanu ndi iwiri imene mphepo inagwetsa pabwalo pomwepo, ndipo pachitsa chilichonse tidzalepo mbande zitatu.

Malume, amene anapatsidwa ntchito yomanga kanyumbako, anayang'ana pepala langa nthawi yaitali.

"Kunja kwanuko mvula imagwa chokwera m'mwamba?" anandifunsa. "Denga ili madzi athawira kuti?" Anasolola pensulo kukhutu n'kukonza okha.

Atacheka mitengo ija, anasanja matabwa pansi pa shedi, n'kuika timitengo pakati pake kuti mphepo izidutsa. Anati tidikire miyezi isanu ndi itatu. Ine ndinawauza kuti kumene ndinali kuli mauvuni oumitsa matabwa m'masabata awiri.

"Bwerera ukausenze uvuniwo, mphwanga. Ine ndikudikira pompano."

M'mwezi wachitatu azakhali, akazi awo a malume, anagonekedwa m'chipatala chomwecho. Wodi yawo inali ya mabedi asanu ndi atatu, fungo la mankhwala, ndi wailesi ya munthu wina yosazimitsidwa. Dokotala sanabise kuti masiku awo anali owerengeka. Pawindo la pabedi lawo mulu wa matabwa unkaoneka bwinobwino.

"Abambo, kanyumba kanuko ndidzalowamo chokhala kapena chogona?" anafunsa tsiku lina. "Moyo wonse mwapangira eni ake. Mpando wanga wakukhitchini mpaka lero ukugwedera. Ndikufuna tikambirane zathu, mayi wa bedi lachitatuyu makutu ake ndi aatali."

"Ndakumvani!" anatero mayi wa bedi lachitatu.

Malume anaseka pang'ono. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankapita kushedi, kugogoda thabwa ndi chala, kuligunditsa patsaya. Thabwa laliwisi limazizira ndipo limalira mogontha. "Akadali ndi madzi," ankatero, n'kulibwezera.

M'mwezi wachisanu azakhali anasiya kuyenda. Lolemba lotsatira ndinapeza malume akuphwasula mulu uja, timitengo tili mbwee pansi.

"Malume, matabwawa sanaume," ndinatero, ine yemwe uja wa mauvuni.

"Ndakufunsa?"

Anamanga masabata asanu. Pulena inkatsamwa ndi zopala zonyowa, manja awo anada ndi utomoni. Analumikiza mitanda ndi zikhomo zamtengo, mwaukhondo ngati kale, koma mluzu umene ankaimba pogwira ntchito sindinaumvenso. Thabwa lililonse asanalikhome ankaliyang'ana ngati akulipepesa.

Tinawalowetsa azakhali pa njinga ya odwala masana a Lachinayi. Mkati munkanunkhira nkhalango. Anasisita khoma ndi dzanja lawo loonda, n'kundiuza kuti, "Iwe, tuluka, izi n'za akuluakulu." Ndinatseka chitseko n'kukhala pachitsa panja kwa ola ndi theka. Ndinamva azakhali akuseka kamodzi, kenako kutsokomola. Zimene anakambirana sindizidziwa. Anamwalira patapita masiku asanu ndi anayi.

Dzuwa litayamba kuwotcha, matabwa anachita zawo. Pakhoma panatseguka mipata yolowa chala. Chitseko chinayamba kukhula pansi. Fumbi linkalowa, ndipo mawu a anthu olira mkatimo ankamveka mpaka pamsewu. Wapampando wa komiti analowetsa kiyi wagalimoto yake mumpata wina, ine ndili pomwepo, n'kunena kuti, "Achikulire aja manja atha. Tikanapeza mmisiri wamakono." Mawuwo anayenda. Amene ankabweretsa ntchito kushedi ya malume anayamba kudutsa chakutali.

Ndinafuna kukawafotokozera a komiti chifukwa chake. Malume anandigwira mkono.

"Ukawauze chiyani? Zimene akuonazo n'zoona. Thabwa silidziwa kuti kunali wodwala."

"Koma dzina lanu, Malume."

"Ndinalikhoma ndekha, ndikudziwa. Khala pansi."

Masiku ano amapita kukanyumbako m'mawa uliwonse ndi timizere ta matabwa ouma ndi guluu, kutseka mipata umodziumodzi. Palibe anawatuma. Mukakhala banja mkati, amaima patali ndi zida zawo mpaka anthuwo atuluke. Khoma limodzi atha, atsala atatu. Mzere umodzi umawatengera m'mawa wonse.