Odi wa Bambo pa Nyimbo Yachisanu ndi Chiwiri

Gulu lathu loyimba linafa kalekale, ndipo pamaliro pake sipanabwere munthu. Tinali anyamata anayi oyimba roko, nyimbo zija za magitala olira ngati makina ochekera matabwa. Mu Blantyre monse otikonda sakanadzaza minibasi ziwiri, ndipo theka la iwo anali zibwenzi za woyimba wathu. Kwathu ku Ndirande ankati ndi nyimbo za anthu ozungulira mutu, ena ankati n'zausatana. Ine ndinkamenya ng'oma, ndipo ndinkayenda mapewa m'mwamba ngati ndagula Ndirande yense ndi phiri lomwe.

Tinatulutsa chimbale chimodzi chokha, koma nyimbo zomwe tinajambula n'kuzisiya zinali zambiri. Zina zinalephera kulowa m'chimbalecho, zina tinkangojambula poyeserera, zina zinathera panjira magetsi atazima. Chaka chatha wagitala wathu, amene pano amakhala kunja, anazipeza zonse mu kompyuta yakale. Anati tizitulutse pamodzi kuti otikonda aja, omwe pano anamera mimba ndipo ali ndi ana, akumbukire unyamata. Ife tinkazitcha makombo. Anatitumizira pafoni nyimbo khumi ndi zinayi, n'kulemba kuti aliyense amvetsere bwinobwino, ngati pali choti chichotsedwe anene sabata isanathe.

Ine sindinamvetsere. Ndinatsegula yoyamba yokha, ndinamva mmene ndinkathamangitsira ng'oma ngati wothawa galu, ndinaseka, n'kuyankha kuti zonse zili bho. Choncho makombo aja anatuluka momwemo.

Bambo anga amakhoma zidebe kumsika wa Ndirande: ndowa, mbaula, mapoto, zothirira mbewu. Shedi yawo ili pamzere wa anzawo okhoma, pomwe munthu sulankhula koma kukuwa. Ndinakulira pamenepo, ndipo ngati pali chimene chinandiphunzitsa ng'oma ndi hamala yawo pa chidutswa cha njanji. Izi ndikunena lero. Nthawi imeneyo sindikanazinena ngakhale mutandigwira pakhosi.

Anzanga atatu aja anali ana a kumayadi, olankhula Chingerezi ngakhale potukwana. Ndinawauza kuti ndimakhala ku Chitawira ndipo bambo anga ndi injiniya. Akandipatsa lifiti ankanditsitsa ku Chitawira komweko pageti la anthu osawadziwa, ine n'kumanamizira kufufuza kiyi m'thumba mpaka galimoto ikhote. Kenako ndinkayamba ulendo wobwerera ku Ndirande. Bodza limayendetsa munthu, ndinaonda nalo.

Tinkayeserera Loweruka masana ku Makata, m'nyumba yosungiramo katundu ya bambo ake a wagitala. Ng'oma yaikulu ija imamenyedwa ndi phazi: umaponda pedulo, kamutu kake n'kukagunda pachikopa. Sabata ina pedulo yanga inaduka tcheni, ndipo m'tauni monse munalibe kogula china. Ndinabwera nayo kunyumba n'kuiponya pakona ndikung'ung'udza. Sindinawapemphe bambo kuti aione, poti m'mutu mwangamu chinthu chochokera kunja sichinali cha manja okhoma mbaula. Loweruka ndinapita wopanda pedulo, kuti ndikangomenya ndi manja okha.

Woyimba wathu anali atadina kale chojambulira, ine nditakweza timitengo kuti ndiwerenge, pamene pakhomo panamveka mawu.

"Odi! Odi kuno!"

Anali bambo, mu ovolosi yawo yothimbirira, manja ali bii, atanyamula jumbo. Amayi ndi amene anawalozera malowo, ndipo anayenda wapansi kuchokera kumsika dzuwa likuswa mtengo. Woyimba anandifunsa m'Chingerezi kuti mdalayu ndi ndani. Panali mpata wokwanira kunena mawu awiri okha, bambo anga. Ine ndinasankha ambiri.

"Aa, ndi mdala wina wake wokhoma zidebe ku Ndirande. Ndimam'tumatuma." Kenako ndinatembenukira kukhomo. "Siyani pomwepo madala, muzipita."

Anzanga anaseka, nanenso ndinaseka. Bambo anaika jumbo pansi mosamala, anandiyang'ana kamodzi, n'kunena kuti, "Chabwino, bwana." Anatuluka n'kutseka chitseko pang'onopang'ono kuti asasokoneze.

Mu jumbo munali pedulo. Anaikamo tcheni cha njinga ndi sipuling'i ya bedi lakale, n'kuthira girisi. Inali yofewa kuposa mmene inalili ili yatsopano. Ndinaimangirira msangamsanga, ndinagunditsa timitengo kanayi, ndipo tinayimba. Sindinamenyepo ng'oma bwino ngati tsiku limenelo, ndipo zimenezi zimandinyansa mpaka lero. Nditafika kunyumba bambo anangofunsa kuti, "Chagwira ntchito?" Ndinati eya. Nkhani inathera pomwepo, ndipo kwa zaka zoposa khumi ndinadzinamiza kuti mawu oyamba aja sanawamve, kuti bwana uja kunali kungocheza.

Makombo atatuluka, ndinadzimvanso ngati munthu. Lamulungu lina ndinachoka kwathu ku Machinjiri, komwe ndimakhala ndi mkazi wanga, n'kupita ku Ndirande ndi memore khadi. Ndinaiika ndekha mufoni ya bambo n'kuwaonetsa podina kuti izilira pa kasipika kawo ka kushedi. Ndinawauzanso kuti akawamvetse anzawo, adziwe kuti mwana wawo sankangotaya nthawi.

Patapita masabata atatu, mkazi wanga ankamvetsera nyimbo zija akusita. Anandiitana.

"Bambo a mwana, amene akuodira apawa si adadi?"

Anaibweza nyimbo yachisanu ndi chiwiri. Wagitala sanadule chilichonse, poti otola makombo amakonda zoterozo, zolankhula ndi zoseka za nyimbo isanayambe. Zonse zinalimo, zomveka ngati zajambulidwa dzulo: odi uja, mawu anga onyada otulukira m'mphuno, kuseka kwathu, bwana uja, chitseko, kenako timitengo kanayi. Mkazi wanga anaimika simbi, osandiyang'ana.

"Ndiye mwati khadi munakawapatsa kale?"

Manyazi anandigwira. M'maganizo ndinaona mzere wonse wa okhoma zidebe, anthu amene anandinyamulapo ndili khanda, akumva mwana wa mnzawo akumutcha mdala wotumatuma, pa sipika ya mwini wakeyo. Ndipo khadiyo ndinaikamo ndi zala zanga. Ndinakhala masiku awiri ndikuzengereza, poti mantha anga ndi akale. Tsiku lachitatu ndinadula chiyambi cha nyimboyo pa kompyuta, ndinaiika pa khadi ina, n'kukwera minibasi.

Ndisanafike pashedi ndinamva magitala athu akulimbana ndi mahamala. Mkulu wina wa shedi yoyandikana, mnzawo wa bambo wa kalekale, anandiona koyamba.

"Eee, woyimba uja wafika! Iwe, bambo akowa atitopetsa nayo nambala seveni. Kuyambira m'mawa yomweyomweyo. Akuti alimo."

Bambo anandilonjera mwansangala, anandikankhira chitini choti ndikhalire, n'kutenga foni.

"Tamverani nonse," anakuwa. "Mwini wake wabwera, timvere limodzi."

Anadina. Mahamala oyandikana anayamba aleka. Kasipika kanakanda kukhosi, kenako: "Odi! Odi kuno!" Amuna aja anaseka, wina n'kuyankha kuti lowani. Ine ndinatseka maso.

Zomwe ndinamva si mawu anga. Bambo anali atakweza hamala, n'kuyamba kukhoma ndowa pa njanji paja mwamphamvu, kho! kho! kho! moti malata a denga ankanjenjemera. Ndinayang'ana ndowayo. Inali yomalizidwa kale, yopanda pokhoma. Anakhoma osaphonya, maso ali pansi, ndipo analekeza ndendende pamene timitengo tanga tinayamba kuwerenga. Ng'oma yaikulu italowa, analoza sipika ndi hamala.

"Mwamva? Tcheni changa chimenecho."

"Nthawi zonse akafika pamenepa amakhoma," anatero mnzawo uja. "Akuti akuitanira ng'oma. Zomwe munkakambirana pakhomopo sitinazimvepo."

Masabata atatu, kangapo patsiku, munthu wamkulu wakhala akukhoma ndowa yomalizidwa kale kuti abise mwano wa mwana wake. Ndikanakonda akanandimenya nayo hamalayo.

Anzawo atabwerera ku ntchito, ndinasendera pafupi n'kutulutsa khadi ija.

"Bambo, ndabweretsa ina. Ndachotsa zolankhula za kumayambiriro zija."

"Wachotsa ndi odi wanga yemwe?"

"Eya."

"Ndiye ndi yachiyani? Moyo wanga wonse ndalowa m'chimbale kamodzi kokha, iwe ukufuna unditulutsemo?"

Anazinena akuseka, koma mawu akuti unditulutsemo anandilasa, poti ndinali nditawatulutsapo kale kamodzi. Ndinayesa kuyamba. Ndinati, "Bambo, tsiku lija ku Makata..." Iwo anapukuta manja pa ovolosi, n'kuyang'ana foni. Nyimbo inali kumapeto, ndipo anaitchera kuti ikatha izibwereza yokha.

"Dzanja ili layamba kutopa masiku ano," anatero, n'kundipatsa hamala. "Wang'oma ndiwe. Poyambira ukupadziwa."

"Odi! Odi kuno!"

Ndinakhoma. Ndinakhoma ndi mphamvu zonse, misozi ikugwera pa ndowa, ndikumva mawu anga omwe m'mutu ngakhale khutu silinkawamva. Koma ine ndinali ndisanazolowere ngati iwo. Ndinathamanga monga mwa nthawi zonse, ndipo ndinalekeza msanga. M'kachetechete kameneko sipika inalankhula momveka bwino, mzere wonse n'kumva.

"Chabwino, bwana."

Mnzawo uja anadzutsa mutu. "Aa, mdala! Mwana wanu yemwe mumamutcha bwana?"

"Nanga si bwana?" anayankha bambo. "Taonani nsapatozo."

Onse anaseka, bambo n'kuseka nawo. Kenako anatambasula dzanja osandiyang'ana, ndipo ndinawabwezera hamala yawo.