Udokotala wa pa Chithunzi

Ku yunivesite ndinkaphunzira za kadyedwe koyenera, koma anthu kwathu ku Mbayani ataona chithunzi changa nditavala chovala choyera cha mu labu, anayamba kunditchula adokotala. Sindinawatsutse, zinkandikomera.

Tsiku lina amayi a Fatsani, oyandikana nafe nyumba, anandibweretsera buku lawo la kuchipatala. Zolembedwamo sindinazimve, koma ndinagwedeza mutu ngati katswiri.

"BP imeneyi, mayi, ingochepetsani mchere basi."

Anandipatsa mapeyala atatu, ndipo ndinadya.

Patapita milungu iwiri anagwa pamsika, poti anali atasiya kumwa mapiritsi awo a BP potsatira mawu anga aja. Nditapita kukawazonda, anauza namwino monyadira, "Awa ndi adokotala athu."

Namwinoyo anandiyang'anitsitsa. Ine ndinangowerama, ndipo ngakhale pamenepo sindinakane.