Mpunga wa a Tseng pa denga

Aliyense wonena kuti a Tseng anapenga abwere andiuze pamaso, ndimapezeka pa ngolo yanga ya supu pafupi ndi siteshoni ya Zhudong. Bambowa ndakula nawo. Ndi mlimi, ndipo mbewu yawo inachokera kwa agogo awo, mpunga wofiirira umene simungaupeze m'sitolo iliyonse. Mbewu yotere ikakhalitsa osadzalidwa imafera m'thumba momwemo.

Chaka cha chilala chija aboma anatitsekera madzi a m'ngalande. Anawapatutsira ku mafakitale opanga tizipangizo ta m'makompyuta, tija timachititsa makina kuyankha ngati munthu. Amereka akutifuna, Tchaina akutifunanso, aliyense akuopa kuti mnzake amuposa nzeru. Ndiye damu likamaphwa, woyamba kumwa ndi fakitale. Mlimi adikire.

Mwana wa a Tseng, Yu-lan, amagwira ntchito ku fakitale komweko. Anawapeza pa ngolo yanga n'kuyamba kuwanyengerera.

"Bambo, pumulani chaka chino. Popanda tizipangizoti, ndani angatiteteze zombo zankhondo za ku Tchaina tsidya lija zikabwera?"

"Zikabwera udzawaphikire tizipangizo takoto," anatero a Tseng. "Usaiwale anyezi."

Ndinaseka mpaka kutaya supu, koma mumtima mukuwira. Maiko akuluakulu akulimbirana makina oganiza, ludzu n'kugwera nkhalamba ya ku Zhudong. Chilungamo chake n'chiti pamenepa?

A Tseng sanakagwadire munthu. Anatola mabokosi a nsomba otayidwa pamsika, anathiramo dothi la m'munda mwawo, anafesamo mpunga uja, n'kuwandandalika pa denga la nyumba. Madzi ankachita kutchera amene amadontha ku makina oziziritsa m'nyumba za anthu, khomo ndi khomo, zigubu zili lendelende pa njinga yamoto. A m'nyumba zosanjikizana ankawaseka, ena kumawajambula pa foni. Mmodzi ndinamuthamangitsa ndi chipande mpaka pa mphambano.

Mabokosi ambiri anapserera ndi dzuwa. Otsalawo anabereka mpunga wosadzaza n'chipewa chomwe, ndipo a Tseng sanaulawe. Ngala imodzi anakaiika pa kachisi wa mzimu woyang'anira nthaka, m'mphepete mwa munda, monga ankachitira bambo awo. Wina wonsewo anaumika, Yu-lan n'kubweretsa botolo losungiramo.

Mvula itabwerera anaudzala m'munda, unamera. Koma kumtunda kwa mtsinje akumanganso fakitale ina, yaikulu kuposa zonse, ndipo mabokosi aja a Tseng sanawataye.